Chithunzi Chimene Chinakula Kuposa Khomo

Mumsewu monse ankawaitana kuti Atelala, ngakhale kuti madiresi anasiya kusoka kalekale. Ntchito yawo inali makatani. Makina awo ankakhala pakhonde la sitolo ya zitsulo, pakati pa mawilibala ndi mitolo ya mapaipi, ndipo wodutsa ankayamba wamva phokoso la makinawo asanaone mwini wake. Anali mayi wosachuluka mawu. Mwina n'chifukwa cha mapini amene ankakhala pakamwa pawo tsiku lonse.

Analinso ndi ntchito ina imene palibe ankaitchula. Mlongo wawo wamng'ono anali wojambula zithunzi, ndipo chinsalu chilichonse chimene iye anapakapo penti chinkayamba chadutsa m'manja mwa Atelala. Ndiwo ankakasankha nsalu yolimba, kuichapa kuti isadzakhwinyate, kuisita, kuipinda m'mphepete, kenako kuikunga pafelemu mpaka izilira ngati ng'oma ukaigogoda ndi chala. Akatero ankaipaka penti woyera, kudikira kuti aume, kupalapo ndi sandipepa, n'kupakanso. Madzulo ankatsuka maburashi m'chitini cha parafini. Anthu akaona chithunzi chatha ankati, "Koma mnyamata ameneyu ali ndi dzanja!" Palibe ankachitembenuza kuti aone kuseri.

Dzanja analidi nalo. Ankajambula nkhope za anthu poyang'ana pafoto, ndi kaburashi kowonda ngati udzu, tsitsi limodzilimodzi, mpaka kadontho kowala ka m'diso. Ankajambula akwati, ana omaliza sukulu, makolo omwalira amene mafoto awo anali atafwifwa. Zikwangwani za ometa onse a mumsewumo zinali zake.

Kenako kunabwera sitiroko. Inamupeza m'mawa wina akutsegula chitini cha penti, n'kumulanda dzanja lamanja ndi theka la mawu ake. Mkazi wake anali atachoka zaka zapitazo, choncho amene anakamudikirira kuchipatala ndi Atelala, akugona pansi pambali pa bedi. Atatuluka anamutengera kwawo, m'nyumba ya lendi ya kuseri kwa nyumba yaikulu ya alandilodi, n'kumupatsa chipinda chachikulu, iwo n'kusamukira kokhala ndi makatoni.

Mawu anabwerera pang'onopang'ono, mwendo nawo unayamba kumvera, koma dzanja linakana. Kwa miyezi ankangokhala pampando atayang'ana khoma. Chakudya ankachibweza atangochilawa. Atelala anali ataonapo anthu akufa adakali kupuma, ndipo ankaona kuti zomwezo zayamba m'nyumba mwawo.

Tsiku lina anakunga chinsalu, kuchipaka choyera monga mwa kale, n'kuchitsamiritsa pakhoma lomwe lija. Pansi anaikapo zitini zitatu za penti ndi chiburashi chopakira nyumba.

"Poti umakonda khoma limeneli, uziyang'ana ichi," anatero, n'kupita kuntchito.

Panapita masabata chinsalucho chili mbuu. Ndiye madzulo ena pobwera anapeza mzere wabuluu utayambira pakati pa nsalu, kudutsa m'mphepete, mpaka kukathera papulasitala ya khoma.

"Lamanzereli silidziwa kuima, achemwali," anatero mlongo wawo, osawayang'ana. "Ndikamati ima, lapita kale."

"Ndiye usamaliimitse. Khomali ndi la eni ake, koma nsalu ndi yathu."

M'mawa mwake anasoka chidutswa china, n'kuchilumikiza kumbali imene mzere unathawira. Anaitana kalipentala wa pakona kuti atalikitse felemu. Kalipentalayo anali bambo wamfupi, wa pensulo kukhutu, amene aliyense ankamutcha mlamu ngakhale kuti panalibe mlongo wa munthu amene iye anakwatira. Ndiye amene anapatsa wojambula uja dzina loti Manzere, ndipo linamukanirira.

Dzanja lamanzere linkalephera kaburashi kowonda, choncho Manzere anayamba kupaka ndi zina: chidutswa cha patapata, supuni ya omanga nyumba, nthawi zina chikhatho chenichenicho. Penti ankayenderera n'kumuthawa, ndiye anayamba kumusakaniza ndi mchenga, utuchi ndi guluu kuti azikhala pamene wamuika. Mchengawo ankasefa ndi Atelala, pakansalu ka neti kotsala pa makatani. Utuchi ankakatenga okha kwa kalipentala m'thumba la shuga. Dzanja likadutsa m'mphepete, iwo ankasoka chidutswa china. Likakwera m'mwamba, china. Kalipentala ankabwera ndi matabwa, n'kukhomera momwemo m'chipinda. Chaka chisanathe chithunzi chinali chitayambira pansi mpaka kutsala pang'ono kugunda malata, kuchokera ngodya ina kukafika ina.

Nkhope munalibe. Munali mabwalo a ngodya zinayi otuwa, opendekera, ndipo pamwamba pake panali zimabanga zachikasu zam'mphepete moderako, zina zokhuthala ngati chala. Kungodya ina kunali kamzere koyera kopita kobiriwira, kowala moti maso ankathamangira pomwepo.

"Kodi ndi mapu a dziko liti?" anafunsa alandilodi atasuzumira. Anali mayi wamkulu thupi, wamawu omveka kumsewu.

"Mapu ati, mayi? Awa ndi matiresi a mwana wokodza pogona," anayankha kalipentala.

Manzere anaseka mpaka kutsokomola. Atelala nawonso sankadziwa kuti chithunzicho n'chiyani, ndipo sanafunse. Chimene ankadziwa n'chakuti mbale zinkabwera kotsukira zili zopanda kanthu.

Pakamwa pa kalipentala pomwepo ndi pamene panabweretsa mlendo. Iye ankakhoma mafelemu a nyumba ina yoonetsera zojambula m'tauni, ndipo nkhani ya matiresi anakaifotokoza kumeneko. Mayi woyang'anira nyumbayo anabwera yekha kudzaona. Anaima kutsogolo kwa chithunzi nthawi yaitali, kuyandikira, kubwerera m'mbuyo mpaka msana kugunda khoma linalo.

"Tili ndi chionetsero mwezi uno," anatero. "Masiku ano si onse ojambula nkhope. Tili ndi wina amamata manyuzipepala ndi masaka, wina amawotcherera zitsulo zotayidwa, wina amangothira penti pansalu n'kumaipendeketsa uku ndi uku. Koma khoma lalikulu lapakati ndilibe choikapo. Ndikufuna ichi. Chifike sabata ya mawa isanathe."

Mayi uja anatsanzika. Potuluka anawerama pang'ono kuopa kugunda mutu, ndipo ali chiweramire anaima. Anayang'ana khomo, anayang'ana chithunzi, anayang'ananso khomo.

"Pepani, chinalowa bwanji muno?"

"Sichinalowe, mayi," anatero kalipentala, mawu atatsika. "Chinabadwira momwemo."

Atelala nawonso anayang'ana khomolo. Iwo, munthu amene ankadya za kuyeza mazenera a anthu, wa tepi m'khosi kuyambira m'mawa, anali asanaikepo tepiyo pakhomo la m'nyumba mwawo. Kalipentala anayeza chopingasa, kuchokera ngodya ya pansi kufika ya pamwamba, n'kupukusa mutu. Chithunzi chinkaposa khomo ndi mkono wathunthu.

Atelala anapita kwa alandilodi kukapempha kuti agumule njerwa za pamwamba pa khomo, adzabwezeretsa.

"Nyumba yanga? Chifukwa cha matiresi? Mukagumula pamenepo denga likutsatirani. Iyayi, mayi, tisayambane."

Kalipentala anabwera ndi nzeru ina. "Alamu, misoko ilipo kale. Tingodula motsata misokoyo, zikhale zithunzi zitatu. Kuja ndinaonako zoterozo, amazipachika moyandikana, anthu n'kumawomba m'manja."

"Mukachidula, mutenge ndi zitini zomwe," anatero Manzere. Anakoka mpando wake ndi dzanja limodzi, n'kuutembenuzira kukhoma lopanda kanthu. Chakudya cha madzulo amenewo sanachikhudze.

Atelala anaimbira foni mayi wa chionetsero. Mayiyo anati njira yotsala ndi kuchotsa nsalu pafelemu n'kuikulunga. "Koma penti akhale kunja, osati mkati. Ndipo wokhuthala choncho, wamchenga, sindikulonjezani kanthu. Akhoza kuthetheka yense."

Penti kunja! Kwa munthu wa nsalu zimenezo zinali zopotoka. Moyo wawo wonse mbali yabwino ankaipindira mkati, kuibisa ku fumbi ndi ku manja a anthu. Sanatsutse pafoni, koma sanavomerenso. Ankafuna aone ndi maso.

Pansi pa chithunzi panali chinsalu chimene anayala kale kuti simenti ya eni ake isade. Miyezi yonseyi penti wamchenga ankagwerapo n'kuumira pomwepo, wokhuthala chimodzimodzi. Anachidula m'zidutswa, n'kupita nazo kuntchito. Nthawi ya nkhomaliro anabwereka paipi m'sitolo ya zitsulo. Chidutswa choyamba anachikulunga penti ali mkati, monga mtima wawo unkafunira. Penti anapanikizana, n'kuyoyoka ngati chikhokho cha buledi wouma. Mayi uja ananena zoona. Chachiwiri anachikulunga penti ali kunja. Sanayoyoke, koma anang'ambika ming'alu imene sinatsekeke atachitambasula. Anayesa pachitini chachikulu cha penti, ming'alu inachepa. Anayesa pandowa, inatsala ing'onoing'ono ngati tsitsi.

Madzulo alandilodi anawapeza kuseri kwa nyumba atakumbatira mgolo wa madzi, akuzunguliza kansalu kothimbirira pamimba pake, khutu ataligunditsa pomwepo.

"Mayi, kodi zayamba kukuvutani?"

Atelala anatambasula kansaluko n'kukayang'anitsitsa padzuwa. Panalibe mng'alu ndi umodzi womwe.

"Ndikupempha migolo yanu. Yonse itatu."

Migoloyo inali ya pulasitiki, yabuluu, ndipo ndi imene inkasunga nyumba yaikulu, chifukwa mpopi wa pabwalopo unkatulutsa madzi ukafuna wokha.

"Migolo yanga? Ndiye ine ndizisamba penti?"

"Madzi ndizikutungirani ine, kumpopi wa kumapeto kwa msewu, mpaka migolo ibwerere."

"Ndi msana umenewo?"

"Womwewu."

Alandilodi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ana anga amasamba kawiri patsiku, ndikuuzirenitu."

"Ndimawamva."

Kuyambira tsiku limenelo Atelala ankayamba ndi zidebe asanapite pamakina, n'kumalizanso ndi zidebe akaweruka. Pakati pakepo ankalimbana ndi migolo. Kalipentala anaiika mondondozana, kuimanga ndi zingwe, n'kulowetsa thabwa lalitali mkati mwa zingwezo kuti isapindike polumikizira. Atelala anapapasa ndi dzanja n'kupeza kuti thabwalo ndi milomo ya migolo zidzadinda nsalu. Anakulunga migoloyo ndi mabulangete onse a m'nyumba, m'malo olowa anatsekamo zidutswa za siponji, kenako anasoka chimalaya chothina cha nsalu ya makatani n'kuveka chinthu chonsecho, mpaka chinasalala ngati mtsamiro umodzi wautali.

"Alamu, mwayambiranso madiresi?" anafunsa kalipentala. "Mkwatibwi wake ndiye wonenepa bwino."

Manzere ankamva zonsezi ali chiyang'anire khoma. Ankadya pang'ono, mokakamizidwa.

Tsiku lonyamula anatulutsa zonse za m'chipinda, bedi, tebulo, zitini. Pansi anayala makatani akale, ena pamwamba pa ena. Kuti penti adzakhale kunja, chithunzi chinayenera kugona chafufumimba, mgolo n'kudutsa kumsana kwake. Manzere atamva zimenezo anatembenuka koyamba.

"Nkhope pansi, achemwali? Pasimenti?"

"Pamakatani. Khala apo uzimvetsera. Ukamva kuthetheka unene, tiima."

Kalipentala anagwira mbali ina, dalaivala wa lole imene mayi wa chionetsero anatumiza anagwira inayo. Vuto linali pakati, pamene felemu yolumikizalumikiza ija ikanatha kuthyoka. Atelala analowa pamenepo, mtsamiro m'manja, kuti azichirikiza. Chithunzi chinayamba kupendekera. Iwo anabwerera m'mbuyo, anagwada, anakhala pansi, mpaka anagona chagada, manja ali m'mwamba, chithunzi chonse chili pamwamba pawo.

Ndi pamene anachiona. Mabwalo otuwa aja anali matabwa a siling'i. Zimabanga zachikasu zinali modontha mvula. Kamzere kowala kanali nyali yaitali ija imene sinkazimitsidwa, imene ankaitchinga ndi mpango kuti wodwala agone. Banga lalikulu lokhala ngati khutu analidziwa bwino, chifukwa ankaliyang'ana akamadikira kuti amve ngati mlongo wawo akupumabe.

"Iwe," anatero ali pansi pomwepo. "Ili ndi denga la kuchipatala."

"Mwangoliona lero?"

"Ine ndinkaliona nditagona pansi."

"N'chifukwa chake mwalidziwa mutagona pansi," anatero Manzere, ndipo mawu ake anali ofewa kuposa masiku onsewo.

"Alamu, nkhani za kuchipatala mukakambirane panja!" anakuwa kalipentala. "Manja afa kuno!"

Atelala anatuluka chokwawa, tsitsi lili mchenga wokhawokha, ndipo chithunzi chinagona bwinobwino. Misomali ya kuseri anaizula okha ndi pulayala, umodziumodzi, n'kumaiponya m'mbale. Yambiri anali ataigwirira okha pokhoma. Felemu itachoka, anaika migolo kumapeto kwa nsalu n'kuyamba kugubuduza. Ankasuntha pang'ono, kuima, onse n'kuyang'ana Manzere. Iye ankapendeketsa mutu, maso atatseka, kenako n'kugwedeza dzanja kuti pitirizani. Ngakhale alandilodi, amene anaima pazenera, anatseka pakamwa. Atafika kumapeto, penti yense anali kunja, wathunthu. Atelala anakutira mtolowo ndi makatani ena n'kumanga ndi timizere ta nsalu, chifukwa chingwe chikanadinda.

Chitseko kalipentala anali atachichotsa kale. Ananyamula anthu atatu, n'kulunjika mutu wa mtolo pakhomo. Unkadutsa mothina, kutsala mpata wa chala mbali iliyonse. Theka linatuluka. Kenako panamveka kuti khwee.

Pafelemu ya khomo panatsala kachitsulo kokolekapo loko. Tsiku lililonse ankakagwira, ndipo palibe anakaganizira. Kanang'amba katani, n'kupala penti malo aakulu ngati chikhatho. Zinyenyeswa zachikasu zinagwera pakhomo.

Anamaliza kutulutsa mtolo n'kuugoneka pamatiresi m'lole. Atelala atabwerera m'nyumba anapeza Manzere atakhala pansi m'chipinda chopanda kanthu, akuyang'ana khoma, pamene panali mzere wabuluu woyamba uja. Atelala anagwada pakhomo, anatambasula kampango, n'kutola zinyenyeswa zonse, ndi tating'ono tomwe, ponyowetsa chala ndi malovu. Atamanga kampangoko anaimirira.

"Dzuka. Lole ikudikira."

"Chawonongeka, achemwali."

"Chawonongeka malo ngati chikhatho. Kwina konseko chili moyo."

"Inu simukumvetsa."

"Iwenso unawonongeka mbali imodzi. Ndinakusiya kuchipatala?"

Manzere anatambasula dzanja lamanzere, iwo n'kumudzutsa.

Kunyumba yoonetsera zojambula anatambasula mtolo pansi poyera, pakati pa chimbalame cha zitsulo zowotcherera ndi khoma lomatidwa masaka. Kalipentala analumikizanso felemu, nthawi ino ndi matabwa owongoka. Atelala anakunga nsalu, kuyambira pakati kupita m'mbali, kukoka ndi pulayala mpaka zala kuchita matuza. Ataimiritsa chithunzi, onse anayenda nacho ndi maso kuchokera ngodya ina kufika ina. Ming'alu panalibe. Panali bala limodzi lokha, pafupi ndi nyali.

Atelala anamasula kampango. Manzere anathira guluu pachivundikiro cha chitini, n'kuyamba kubwezera zinyenyeswa ndi chala chachikulu. Nsalu inkathawa akadina, chifukwa kuseri kunalibe choitchinga.

"Achemwali, pitani kuseri. Ikani dzanja pamene ndikudinapa."

Anapita kuseri, kumene kunali misoko yawo, n'kuika chikhatho pansalu. Ankamva chala cha mlongo wawo chikudina mbali inayo, iwo n'kumabwezera mphamvu yomweyo. Ankati akasuntha iye, iwonso asuntha. Anagwira choncho mpaka mkono unachita dzanzi.

Balalo silinabisike lonse. Woyang'anitsitsa ankaliona. Mayi wa chionetsero analiyang'ana, n'kufunsa Manzere ngati akufuna kuti chipachikidwe chotero.

"Pachikani," anatero iye.

Tsiku lotsegulira Atelala anafika mochedwa, chifukwa panali makatani a munthu amene anayenera kutha. Anapeza anthu ataunjikana pakhoma lapakati. Wina ankati ndi minda yooneka kuchokera m'ndege, wina ankati ndi khungu la munthu wokalamba. Bambo wina wa jekete anapukusa mutu n'kunena kuti, "Koma munthu ameneyu ali ndi dzanja!" Atelala sanayang'ane chithunzi nthawi yaitali. Ankayang'ana mlongo wawo, amene anaima pambali atapanira mbale pachifuwa ndi mkono wakufa uja, akudya masikono ngati wobwera kuulendo.

Pobwerera m'basi iye anati, "Achemwali, nsalu ija yolimba ikupezekabe?"

"Ikupezeka."

"Ndikufuna yokulirapo."

"Khomo ndi lomwe lija."

"Migolonso ndi yomwe ija."

Migolo Atelala anali ataibweza kale, ataitsuka n'kuidzaza, ndipo alandilodi anali atalumbira kuti sidzachokanso pamalo pake ngakhale kubwere ndani. M'mawa mwake, asanapite pamakina, anatenga sikuludiraiva n'kuchotsa kachitsulo ka loko pafelemu ya khomo, n'kukakhomera mbali ya kunja. Chimalaya cha migolo chija anachichapa, kuchisita, kuchipinda mbali yabwino ili mkati, n'kuchiika pamwamba pa kabati, posavuta kufikira.